Mmene mungasinthitsire lamulo loletsa nkhuku m'malokesheni a pa Dedza boma

Ambiri amene tikukhala m'mapoloti pa boma pano timafuna tinkhuku tingapo kuseri kwa nyumba, osati bizinesi ya maboilala mazanamazana ayi, koma toti mwana azidyako dzira, mlendo akabwera osachita kuthamangira kumsika, komanso zitosi zizipita kudimba la kabichi ndi mbatata poti mtengo wa feteleza mukuwudziwa nokha. Koma ukangomanga kakhola pamapezeka wina wokuuza kuti muno ndi m'tauni, ziweto nzoletsedwa, ndiye ena amagulitsa zonse mokwiya, ena amazibisa m'bafa losagwiritsa ntchito kapena m'khitchini ya panja nkumakhala ndi mantha tsiku lililonse. Kubisako ndiye kumaononga zinthu, chifukwa nkhuku yobisidwa silandira katemera, khola lake siliwonedwa ndi mlangizi, ndipo fungo likayamba aneba amadana ndi nkhuku zonse ngakhale za anthu aukhondo.

Lamulo la khonsolo limasinthika, anthu ndi amene analilemba. Koma musapite kukapempha kuti "chotsani lamulo, tiziweta mmene tikufunira", amenewo mubwerako chimanjamanja ndipo kunena zoona mwayenera kubwerako chimanjamanja. Pitani ndi lamulo lina lolembalemba kale m'manja, lololeza nkhuku koma lokhala ndi malire omveka. Zonse zili m'munsimu zikuzungulira pamenepo.

Choyamba, pezani pepala lenileni limene likuletsa

Osayamba ndi gulupu ya WhatsApp, yambani ndi funso loti choletsacho chalembedwa pati. Mawu oti "nzoletsedwa" amachokera malo osiyanasiyana ndipo lililonse lili ndi khomo lake logogoda.

Akhoza kukhala ma by-law a khonsolo, amene khonsolo imapanga ndi mphamvu zochokera mu Local Government Act ya 1998. Akhoza kukhala mapulani a kagwiritsidwe ntchito ka malo, aja amati kuno nkokhala anthu, uko nkwa mashopu, uko nkwa mafakitale, amenewa amayendera Physical Planning Act ya 2016 imene inalowa m'malo mwa Town and Country Planning Act yakale ija. Mwinanso mawuwo ali mu lizi ya poloti yanu imene munasayina ndi a Lands, kapena mu agirimenti ya nyumba ngati muli m'nyumba ya lendi, ya kampani kapena ya boma. Ndiye palinso Public Health Act, imene imapatsa a zaumoyo mphamvu yothana ndi chilichonse chobweretsa uve ndi fungo kwa anthu oyandikana nawo, imeneyi ndiye siyikusowa kusintha ndipo musalimbane nayo, idzakhalapobe ngakhale mutapambana.

Pitani ku maofesi a khonsolo mukapemphe kope ya ma by-law okhudza ziweto ndi ukhondo, mufunsenso ku ofesi ya mapulani ndi chitukuko kuti dera lanu analiika m'gulu lanji. Pemphani ndi kalata, makope awiri, imodzi akudindireni sitampu ya tsiku limenelo mubwerere nayo. Ngati zikuchedwa, kumbukirani kuti lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu 2020 ndipo limakupatsani ufulu wopempha zikalata za maofesi a boma, mutha kulitchula mwaulemu m'kalata yachiwiri. Mukalipeza pepalalo werengani mawu ake enieni, pang'onopang'ono, ndi munthu wodziwa Chingerezi cha malamulo ngati alipo pakati panu. Kodi akuti ziweto zonse kapena atchula ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba zokha? Akuti nzoletsedwa kotheratu kapena akuti osaweta popanda chilolezo cha khonsolo? Kusiyana kumeneku nkwakukulu zedi, chifukwa ngati nkhani ndi chilolezo ndiye kuti simukusowa kusintha lamulo konse, mukungofuna kuti khonsolo ikonze fomu ndi ndondomeko yoperekera chilolezocho, imeneyo ndi ntchito ya miyezi yochepa. Ndipo ngati choletsa ndi alandilodi anu, khonsolo singakuthandizeni, kambiranani nawo eni nyumbawo basi.

Chachiwiri, aneba, ndipo apa musafulumire

Pano ndi pamene nkhani imapambanira kapena kufera, osati ku khonsolo. Khansala aliyense asanavomere chinthu amayamba waganiza kuti ndi anthu angati amene adzandidandaulire, ndiye ngati mzere wanu womwe uli wogawanika sadzayika mutu wake pamenepo.

Yambani ndi amene mukudziwa kuti sakufuna nkhuku. Mupiteko nokha, masana, mukhale pansi, osapita ndi pepala losayinitsa tsiku loyamba. Ingofunsani kuti "amayi, chimene chimakuvutani pa nkhuku za anthu muno nchiyani kwenikweni?" nkumvetsera mpaka amalize. Zimene mudzamve nzoona zokhazokha ndipo ndikukupemphani musazitsutse. Tambala kulira usiku pansi pa windo la munthu amene wachokera ku shifiti ya usiku kuchipatala. Nkhuku zongoyendayenda kufukula maluwa, kudya mpiru ndi repu wa m'dimba la eni ake, kulowa m'khitchini nkusiya zitosi pakhonde pamene mwana akukwawa. Fungo la khola nthawi ya mvula. Ntchentche. Makoswe amene amatsata madeya osungidwa m'thumba pansi, kenako nkulowa nyumba zonse za mzere umenewo. Utitiri. Ena adzakuuzani kuti anaweta kale nkhuku zawo zabwinobwino koma zinatha ndi chitopa chochokera kwa neba amene anagula nkhuku yodwala pamsika nkungoyiponya pabwalo.

Lembani dandaulo lililonse m'kope. Madandaulo amenewa ndi amene adzakhale mitu ya lamulo lanu latsopano, ndipo mukadzabwereranso kwa mayi aja nkuwawonetsa kuti "chija munanena cha tambala tachilemba apa, taonani", ambiri amafewa, ena mpaka amasayina. Amene sanafewe musakangane nawo, bola adziwe kuti munawafunsa.

Musaiwale ma block leader ndi mafumu a dera lanu. Kuno kwathu malire a tauni ndi mudzi ngosokonezeka, poloti ina ili pansi pa khonsolo, kuwoloka kamsewu muli kale kwa anyakwawa, ndiye kuwadumpha amenewa nkudzipalira mavuto. Ndi iwonso amene amaweruza milandu ya nkhuku zodya mbewu za eni, akudziwa bwino kuposa aliyense kuti mikangano imayambira pati.

Chachitatu, kokerani alangizi kumbali yanu

Awiri ndi ofunika kwambiri, mlangizi wa ziweto wa ku ofesi ya zaulimi ndi mlangizi wa zaumoyo, a HSA aja amene amayendera zimbudzi ndi maenje a zinyalala. Makhansala akamakambirana nkhani ngati iyi amatembenukira kwa akatswiri a ofesi kuti anenepo, ndiye ngati a zaumoyo ayamba kuyimva nkhaniyi tsiku la miting'i lomwelo yankho lawo lidzakhala ayi, poti palibe amene amavomera chinthu chimene sanachiwone. Apezeni msanga, muwapemphe adzaone khola limodzi kapena awiri amene mukuwayesa achitsanzo, akuuzeni choti mukonze, mukonzedi.

Kwa mlangizi wa ziweto nkhani yayikulu ndi chitopa, ena amati chideru. Matendawa alibe mankhwala ochiza, amatha kusesa khola lonse m'masiku ochepa ndipo amavuta kwambiri nyengo yotentha mvula isanayambe. Koma katemera alipo, wa I-2 uja wodonthezera m'diso, amapangidwa konkuno ku Central Veterinary Laboratory ku Lilongwe, ndipo amafuna kubwereza pakatha miyezi itatu kapena inayi iliyonse. Botolo limodzi limakwana nkhuku zambiri kuposa za nyumba imodzi, ndiye ndi bwino kuti mzere wonse uzitemera tsiku limodzi mosonkherana. Mfundo imeneyi ndi yamphamvu pamaso pa khonsolo, nkhuku zolembedwa m'kaundula zimatemeredwa, zobisidwa ayi.

Chachinayi, lembani lamulo limene mukulifuna

Tsamba limodzi kapena awiri, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, mawu osavuta. A zamalamulo adzalikonza okha m'chilankhulo chawo, inu chanu nkuti mfundo zikhale zoti munthu atha kupita pakhomo nkuyeza kuti zatsatidwa kapena ayi. Mawu ngati "khola likhale laukhondo" paokha sathandiza, aliyense amati lake ndi laukhondo.

Ine ndikanakhala pa komiti yanu ndikanalimbikira izi. Chiwerengero chikhale ndi malire, tinene nkhuku zazikulu zosaposa 10 pa poloti wamba, anapiye osawerengedwa mpaka atakula, ndipo wofuna zoposa pamenepo akatenge chilolezo cha bizinesi kumalo oyenera. Musachite manyazi kuyamba ndi nambala yochepa, nkhuku 10 zosamalidwa bwino zimakwana mazira a banja ndi otsala ogulitsa kwa aneba, ndipo nambala yochepa ndi imene imatsegula chitseko. Nkhuku zikhale m'khola kapena mumpanda nthawi zonse, zaufulu zoyenda lokesheni yonse ayi, ndipo apa ndikudziwa kuti a nkhuku zachikuda adandaula poti anazolowera kuzitsegulira m'mawa zikadzisakira zokha, koma m'tauni sizingatheke, walira mvula walira matope, wofuna nkhuku pa poloti avomere kugula madeya ndi kuthyola masamba. Khola litalikirane ndi nyumba ya neba komanso chitsime, mtunda wake mugwirizane ndi a zaumoyo malinga ndi kukula kwa mapoloti a kwanuko, osangokopera nambala ya kwina chifukwa mapoloti ena ngaang'ono moti mukalemba mamita ambiri ndiye kuti mwaletsanso anthu omwe mumafuna kuwathandiza. Mkati musamathinane, nkhuku zitatu kapena zinayi pa sikweya mita imodzi.

Za pansi pa khola, ife a ku Dedza tili ndi mwayi poti utuchi ndi wosasowa chifukwa cha macheka a matabwa. Utuchi wouma umamwa chinyezi ndipo fungo limachepa kwambiri, ukanyowa kapena kuumbika muchotse mukaike pa dzenje la manyowa lovindikira, pakapita nthawi ndi chakudya cha dimba. Lembani kuti zitosi zisatayidwe mu ngalande kapena pamsewu. Chakudya chisungidwe mu ndowa kapena mgolo wotseka chifukwa cha makoswe aja. Nkhuku yakufa ndi matenda ikwiriridwe mozama kapena kuwotchedwa, osayiponya kudzala, osayigulitsa kwa okazinga, ndipo nkhuku zikayamba kufa motsatizana mwini wake adziwitse mlangizi tsiku lomwelo. Yatsopano yogula kumsika ikhale payokha masabata awiri isanasakanizidwe ndi zinzake. Kuzizira kwa kuno mu June ndi July kumapangitsa anthu kutseka khola mbali zonse ndi mapepala apulasitiki, ndiye mpweya umaipa ndipo fungo limakula, choncho ndi bwino kutchulanso kuti khola likhale ndi mpata wolowera mpweya chakumwamba.

Tsopano tambala. Iyi ndi nkhani imene idzakugawanitseni ngakhale inu nokha a komiti. Thadzi limaikira mazira popanda tambala, tambala amafunika pokhapokha ngati mukufuna kuti mazirawo aswe anapiye. Ndiye maganizo anga ndi oti pa mapoloti ang'onoang'ono othinana tambala asaloledwe, wofuna anapiye akatenge mazira a nkhuku zokhala ndi tambala kumudzi kapena kwa mnzake wa kunja kwa tauni adzaikire thadzi lofungatira, pakatha masiku 21 anapiye ali pompo, kapena agule anapiye a Mikolongwe amene amapirira bwino ndipo amapereka mazira ndi nyama yomwe. Pa mapoloti akuluakulu mutha kulola tambala mmodzi ngati aneba oyandikana nawo avomera polemba. Ena adzati nkhuku popanda tambala si nkhuku, ndikuwamvetsa, koma tambala mmodzi atha kugwetsa pempho la mabanja onse a m'lokesheni, ndiye sankhani.

Pomaliza pa pepalalo lembani chilango, inde inu nomwe. Chenjezo loyamba, nthawi yokonza, kenako kulandidwa chilolezo kwa amene sakumva. Khonsolo ikaona kuti opempha adziikira okha chilango imadziwa kuti si anthu ongofuna phokoso. Ngati pakhale ndalama ya chilolezo pemphani kuti ikhale yochepa, ya pachaka, yolipira ku ofesi ndi lisiti, osati m'manja mwa munthu pakhomo.

Chachisanu, masiginecha

Apa palibe zambiri. Dzina, dera kapena nambala ya poloti, siginecha kapena chidindo cha chala, ndipo pamwamba pa tsamba lililonse palembedwe chimene munthu akusayinira, osasayinitsa anthu pa pepala loyera. Yesetsani kuti pakhale ambiri amene saweta nkhuku ndipo alibe nazo cholinga, muwaike chizindikiro kuti aoneke, amenewo ndi amene ali ndi kulemera. Ana ndi alendo odutsa ayi. Chititsani fotokope musanapereke.

Chachisanu ndi chimodzi, khansala ndi makomiti

Nkhani silowa mu miting'i ya khonsolo yokha, imafuna woyinyamula, ndipo woyamba ndi khansala wa wodi yanu. Pitani anthu atatu kapena anayi, pakhale mayi, bambo, wachinyamata, ndipo ngati nkotheka mmodzi mwa aja ankakana poyamba. Apatseni kalata yopita kwa bwana DC ndi kwa wapampando wa khonsolo, lamulo lanu lolemba lija, masiginecha ndi ndemanga za alangizi. Dutsitsaninso nkhaniyi ku komiti ya chitukuko ya dera lanu kuti ilowe m'maminitsi, chifukwa chinthu chimene chabwera kudzera ku makomiti a m'madera chimalemekezedwa kuposa kalata ya anthu ochepa.

Mmene zimayendera nkuti nkhani imayamba yakambidwa mu komiti yaing'ono ya khonsolo, pa nkhani iyi ikhoza kukhala ya zaumoyo ndi chilengedwe, ya zaulimi kapena ya mapulani, kenako komitiyo imapititsa maganizo ake ku msonkhano wa khonsolo yonse, fulu khanso ija, umene nthawi zambiri umakhala kamodzi pa miyezi itatu. Kumeneko ovota ndi makhansala ndi aphungu a Nyumba ya Malamulo a m'bomalo, mafumu akuluakulu amakhalapo ndipo amayankhula koma savota, ngakhale mawu awo amamveka ndithu. Kumbukiraninso kuti makhansala ambiri a boma la Dedza amachokera kumadera a kumidzi monga Lobi, Mayani, Linthipe, Bembeke, Golomoti ndi Mtakataka, kumene nkhuku ndi chinthu cha tsiku ndi tsiku, ndiye nkhani ya m'tauni atha kuyiona ngati yaing'ono yosafunika nthawi yawo. Ayendereni angapo msonkhano usanafike, muwafotokozere kuti ndi nkhani ya zakudya za ana ndi ya kuteteza matenda a ziweto amene sasankha tauni kapena mudzi.

Funsani kalaliki wa khonsolo tsiku limene ajenda imatsekedwa, mukaphonya ndiye kuti mwadikira miyezi ina itatu. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April, ndiye miyezi yoyandikira pamenepo mitu ya onse imakhala pa bajeti, nkhani yanu itha kukankhidwira kumapeto nkusakambidwa. Ndipo chonde nkhaniyi isavale mtundu wa chipani, ikangodziwika kuti ndi ya khansala wa chipani chakuti ena adzayikana chifukwa cha iyeyo osati chifukwa cha nkhuku. Kangachepe musapereke kwa aliyense, lamulo lodutsa ndi ndalama limadzagwa ndi ndalama za wina.

Tsiku la miting'i

Ngati mwapatsidwa mpata woyankhula, ayankhule munthu mmodzi kapena awiri, mwachidule, ena akhale phee kumbuyo kuti aoneke kuti alipo. Yambani ndi madandaulo a aneba, osati ndi ubwino wa mazira poti umenewo aliyense akuwudziwa. Nenani kuti tamva za fungo, za tambala, za makoswe, za chitopa, ndipo yankho la chilichonse lili pa tsamba ili. Bweretsani zithunzi za khola lachitsanzo, makamaka zojambulidwa mu January kapena February mvula ili pakati, chifukwa khola loyera mu August silitsimikizira kanthu. Wina akafunsa kuti adzayendera makola onsewa ndani poti ogwira ntchito ndi ochepa, limenelo ndi funso labwino ndipo mukhale ndi yankho, komiti ya oweta ya m'lokesheni isunge kaundula, ikonze masiku a katemera, ilandire madandaulo oyamba, khonsolo izibwera pokhapokha zakanika.

Mukaona kuti akukayika musaumirire zonse nthawi imodzi, pemphani kuti ayesere dera limodzi kwa chaka chimodzi kenako adzaunike. Kwa munthu wa muofesi kuvomera zoyesera nkosavuta kuposa kuvomera zamuyaya, ndipo chaka chimenecho chikayenda bwino umboni udzakhala wanu.

Akavomera, ntchito sinathe

Apa ambiri amalakwitsa, amamva kuti khonsolo yavomera nkuthamangira kukagula anapiye. By-law ikadutsa ku khonsolo anthu amayenera kudziwitsidwa ndi kupatsidwa mpata woyiona, kenako imapita kwa nduna yoona za maboma aang'ono kuti ivomereze, ndipo imasindikizidwa mu Gazette, chikalata cha boma cholengezera malamulo, pamenepo ndi pamene mungaime nayo pamaso pa aliyense. Gawo limeneli limachedwa, mafayilo amagona pa matebulo, ndiye sankhani munthu mmodzi wosatopa woti mwezi uliwonse azikafunsa ku ofesi ya DC kuti fayilo yafika pati, alembe tsiku ndi yankho, ndipo pemphani kope ya maminitsi a msonkhano umene unavomera muyisunge bwino. Ngati choletsa chinali m'mapulani a malo ndiye kuti a physical planning ayeneranso kuchita mbali yawo, ndipo amene mawuwo ali mu lizi adzafunikabe kulembera a Lands payekhapayekha ataphatikiza kope ya chigamulo cha khonsolo.

Podikira pempheni khonsolo ikulembereni kalata yonena mmene achitire ndi anthu amene ali kale ndi nkhuku pa nthawi imeneyi, kuti pasakhale kulandana ziweto nkhani ili m'njira. Inuyo yambani kutsatira malamulo anu aja ngati kuti adutsa kale, tsekerani nkhuku, chepetsani zikhale 10, atambala apite kumudzi kapena mumphika, ndipo tsiku la katemera woyamba wa mzere wonse liikidwe mwezi wa August usanathe, kutentha kusanayambe.